Kodi Benz Imaopa Dzuwa?

Ine ndine telala. Makina amene ndimawadziwa ndi a Singer opalasa ndi phazi, za injini ya galimoto ndilibe nazo sukulu. Odziwa mundikhululukire, mafunso anga ndi a munthu wapakhonde. Koma chilimwe chino kuno ku Chilenje, mu Lusaka, pali chinthu chandizunguza mutu, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mwana wa mlongo wanga ali ndi Mercedes-Benz C200, ija yolembedwa Kompressor kumbuyo. M'mawa popita kuntchito, ukangoikhudza pang'ono galimotoyo imalumpha. Ikamakwana 14 koloko, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, imalefuka. Ukaponda mafuta imangobuula, liwiro osaoneka, mpaka minibasi yodzaza anthu ndi matumba a makala n'kuipitirira pa Burma Road. Kukada, mphamvu zonse zabwerera. Tsono chitsulo chimadziwa bwanji nthawi? Kapena Benz imaopa dzuwa?

Galaji imene amapitako ili pansi pa mtengo, moyang'anana ndi khonde langa, choncho zonse ndinkaziona ndili pa makina. Anasintha mapulagi. Anasintha koyilo. Anasintha pampu ya petulo. Tsiku lina ndinaona makanika akutulutsa kachitsulo kokhala ndi sipuling'i n'kukaponya m'chitini cha mabauti. Ndinaimitsa makina n'kuwoloka msewu.

"Bambo, chimenecho n'chiyani?"

"Thermostat, mdala. Motokayi ikutentha."

"Chikutentha n'chiyani kwenikweni?"

"Injini."

"Nanga singano ya pa dashibodi ili pakati bwanji, malo ake a masiku onse?"

"Singano ija imayeza madzi."

"Ndiye madzi sakutentha?"

"Madzi ali bwino."

"Tsono ngati madzi ali bwino, mwachotseranji chinthu choyang'anira madzi?"

Anandiyang'ana, n'kupukuta manja pa ovolosi, n'kunena kuti kuno aliyense amachotsa, chinthucho anapangira maiko achisanu. Ndinabwerera kukasoka. Mawa lake 14 koloko, galimoto inalefuka monga mwa nthawi zonse.

Mnyamata mwini galimotoyo ataona kuti thumba likuphwa, anaitana mtsikana wina wa ku Libala amene anaphunzira zamagetsi a galimoto. Iye sanabwere ndi sipanala. Anabwera ndi kabokosi kokwana m'dzanja, n'kukasomeka pa soketi ya mabowo 16 imene ili kunsi kwa chiwongolero, kenako n'kutsegula foni. Chodabwitsa n'chakuti anafika mbandakucha, n'kuletsa kuti wina asalize injini.

"Mwana wanga, matenda amabwera masana. Iwe wabwereranji m'mawa?"

"Ndikufuna ndidziwe kaye ngati sensa ikunama, agogo."

Anandifotokozera kuti m'njira imene mpweya umadutsa polowa mu injini muli kasensa koyeza kutentha kwake. Kakatenthedwa, magetsi amadutsamo mosavuta, kakazizira amadutsa movutikira, ndipo kompyuta ya galimoto imawerengera madigiri kuchokera pamenepo. Galimoto ikagona usiku wonse, madzi a mu injini ndi mpweya wa m'mapaipi zimafanana kuzizira ndi kunja. Pa foni panalembedwa madzi 21, mpweya 22. Sensa inali yolungama. Akuti pakanalembedwa -40, ndiye kuti waya waduka kapena pulagi yake yazuka, ndipo kompyuta imasunga nambala ya P0113. Pakanalembedwa madigiri oposa 100 injini ili zii, ndiye kuti waya wakhudza chitsulo, nambala yake P0112. Pali inanso, P0127, imene imangonena kuti mpweya wolowa watentha mopitirira.

"Ndiye galimotoyi yakhala ikudziwa kutentha kwa mpweya wake masiku onsewa?"

"Sekondi iliyonse, agogo."

"Nanga bwanji palibe anaifunsa?"

Anangoseka. Koma ine funso linanso linali litandigwira. Mpweya umene galimoto imapuma ndi womwewu ndikupuma inewu. Ngakhale mu Okutobala, mwezi wotentha kuposa yonse ku Lusaka, kunja kumangopitirira madigiri 30 pang'ono. Ungapse bwanji mpweya wotere?

Yankho akuti lili pa dzina lolembedwa kumbuyo lija. Injini imatentha petulo pamodzi ndi mpweya, ndipo petulo amene ingatenthe amalingana ndi mpweya umene walowa. Injini ya galimotoyi, imene a Mercedes amaitcha M271 ndipo anayamba kuiika m'magalimoto mu 2002, ndi yaing'ono, ya malita 1.8 basi. Kuti ikoke ngati yaikulu, anaimangirira supercharger yopangidwa ndi kampani ya Eaton, makina ozungulitsidwa ndi lamba wochokera ku injini yomweyo, amene ntchito yake ndi kukankhira mpweya wochuluka m'kati mokakamiza. Turbo imachita zomwezo, kungoti iyo imazungulitsidwa ndi utsi wa ekizozi.

"Agogo, munapopapo njinga?"

"Kuyambira uli wosabadwa."

"Mukamaliza kupopa, kumunsi kwa pampu kumakhala bwanji?"

Apa ndiye ndinamva. Kumatentha, nthawi zina mpaka osagwirika, chonsecho palibe moto. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, basi. Mtsikanayo anawerengera pa foni: mpweya wa madigiri 30 ukaupanikiza kuti mphamvu yake ikwere ndi theka, ngakhale makina atakhala angwiro chotani, umatuluka uli pa madigiri 67. Supercharger ya mtundu uwu si yangwiro, imaupukusa ndi kuutakasa mpweyawo, motero umatha kutuluka uli cha m'ma 90. Madzi a tiyi atsala pang'ono kuwira pamenepo.

Ndinafunsa kuti nzeru yoipitsa mpweya chonchi anaiyamba ndani. Akuti abale awiri a ku Connersville, m'chigawo cha Indiana ku America, Philander ndi Francis Roots, ndiwo analembetsa makinawa mu 1860. Galimoto kunalibe nthawi imeneyo. Ankawagwiritsa ntchito popemerera moto m'ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndipo ng'anjo sidandaula mpweya ukabwera wofunda. A Mercedes anaonetsa magalimoto awo oyamba okhala ndi Kompressor ku Berlin mu 1921.

Pamenepo ndinaona ngati ndamugwira. Ngati ng'anjo sidandaula, injini ikudandauliranji? M'kati mwakemo si moto womwewo? Moto umadana ndi kutentha kuyambira liti?

Zifukwa akuti ndi ziwiri. Choyamba, mpweya wotentha umatambasuka n'kupepuka. Madigiri 10 aliwonse owonjezera amachotsa magawo pafupifupi 3 pa 100 a mpweya umene ukanakwana mu silinda. Chachiwiri ndicho choopsa. Petulo wosakanizika ndi mpweya amayenera kuyaka bwinobwino kuchokera pa pulagi. Akalowa ali wotentha kale, pisitoni n'kumupanikizanso, wina amaphulika yekha moto wa pulagi usanamufike. Injini imamveka kuti tche-tche-tche pokwera mtunda, ndipo zikapitirira pisitoni imang'aluka. Pathupi pa injini anamangirirapo sensa ina imene ntchito yake ndi kumvetsera phokoso limeneli. Kompyuta ikalimva, kapena ikangoona kuti mpweya watentha, imachedwetsa moto wa pulagi n'kuwonjezera petulo kuti aziziritse m'kati. Mphamvu zimatsika, thanki n'kumatha msanga.

"Ndiye ulesi wa masanawu ndi wadala?"

"Ikudziteteza, agogo."

"Tsono ife takhala tikugula mankhwala ochiza kudziteteza?"

Mwana wa mlongo wanga anayang'ana kumbali.

Ndinafunsanso: ngati Ajeremani ankadziwa kuti makina awo amatenthetsa mpweya, anangozisiya choncho? Ayi, akuti pakati pa supercharger ndi injini anaikapo intercooler. Imaoneka ngati rediyeta yaing'ono yaitali, ili m'munsi kuseri kwa bampala, koma m'kati mwake simuyenda madzi. Mumadutsa mpweya wotentha uja, ndipo mphepo ya kunja, podutsa m'tizipsepse take tachitsulo, imatenga kutenthako n'kupita nako. Yonseyo imadalira mphepo.

Apa Lusaka ali ndi mbali yake. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 7 poyerekeza ndi wa ku Durban kapena Dar es Salaam kumene magalimoto ambiri amatsikira m'sitima. Supercharger imatunga muyezo womwewo pa kuzungulira kulikonse, choncho kuno imatunga zochepa, galimoto n'kuyamba ulendo ili kale ndi ngongole ya mphamvu. Mphepo yopepukayo siziziritsanso intercooler mofanana ndi ya kunyanja. Onjezanipo dzuwa, phula wotentha amene intercooler yayandikana naye, ndi mzere wa magalimoto wa pa Kafue Roundabout pamene palibe mphepo ina koma ya fani.

"Ndiye tisamuke ku Lusaka?"

"Ayi agogo. Kutentha pa jamu si mlandu, galimoto iliyonse yotere imatero. Mlandu ndi wakuti, msewu ukatseguka, kodi kutenthako kukutsika?"

Masana tinakwera tonse, foni ndinagwira ine. Kunja kunali madigiri 33. Tikukwawa cha ku msika wa Chilenje, nambala inakwera mpaka 58. Mtsikanayo anati zimenezo asadandaule nazo munthu. Tinalowa mu Tokyo Way, msewu uja unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, mnyamata n'kuponda. Mtsikanayo anati intercooler yamoyo, galimoto ikamathamanga bwino, imatsitsa mpweya kufika madigiri 10 kapena 20 okha pamwamba pa a kunja. Ife nambala inakwera: 64, 71, 78. Atachotsa phazi, inkatsika monyinyirika. Tinaima pambali, injini n'kuzimitsa, mtsikanayo n'kundigwiritsa mapaipi awiri. Lolowa mu intercooler linali lotentha. Lotuluka, limene linayenera kukhala lofunda chabe, linali lotentha chimodzimodzi.

"Ndiye chinthuchi chilipo, koma sichikugwira ntchito. Chafa?"

"Chilibe choti chife, agogo. Mulibe mota, mulibe waya. Tiyeni tikachione."

Atamasula bampala ku galaji kuja, tonse tinati kukamwa yasa. Tizipsepse tija sitinkaoneka. Panali chikhungwa cha fumbi lofiira limene linanyowa ndi mvula n'kuuma, n'kunyowanso n'kuumanso. M'menemo munali mapiko a inswa za dzinja latha, njere za udzu za ulendo wa ku Katete, nthenga za nkhuku, ndi pulasitiki yakuda itamatirira pakona. Pamene panalibe matope, tizipsepseto tinali titagona tonse mbali imodzi, chifukwa anyamata a ku car wash amalozetsa mfuti yawo yamadzi pafupi kuti kasitomala aone kuti atsuka. Mtsikanayo anayatsa tochi ya foni kuseri kwake. Kuwala kunatulukira patimabowo towerengeka.

Kenako analoza m'mbali, pamene panali timabowo ta mabauti topanda kanthu. Akuti pamenepo pamakhala mapulasitiki okusa mphepo kuti idutse mu intercooler, isathawire m'mbali ndi pansi. Anapita kuti? Chaka chatha galimoto inagunda hampu usiku, ndipo wowongola anabweza bampala yokha, mapulasitiki osweka n'kutaya, poti saoneka kunja. Kutsogolo kwa kabowo ka mphepo kotsalako mnyamata anamangirirapo nyali ziwiri zazikulu.

"Mphwanga, nyalizi zimaunikira chiyani chimene nyali za Benz sizikuona?"

"Zimakongoletsa, amalume."

Atatsegula boneti, ndinaona chinthu chofiira chosongoka, chonyezimira, chitamangidwa kukamwa kwa paipi. Fyuluta ya mpikisano, akuti. Inagulidwa chifukwa imachititsa injini kulira mwaukali. Ndinaika dzanja pafupi nayo, ndipo mpweya wa pamenepo unali wotuluka mu rediyeta, wofunda kale ndi injini. Bokosi lakuda limene galimoto inabwera nalo linali ndi khosi lofika kutsogolo, kukatunga mpweya wa kunja.

"Ndiye munachotsa chotunga mpweya wozizira, n'kugula chotunga wotentha?"

"Chimawonjezera mphamvu, amalume."

"Anayeza ndani?"

Bokosi lakale linapezeka kuseri kwa nyumba, akusungiramo mapegi a zovala. Mtsikanayo anati mpweya ukalowa mu supercharger utakwera kale ndi madigiri 20, kutsogolo umatuluka utakwera ndi oposa 20, chifukwa kupanikiza kumachulukitsa chimene chalowa.

Sanalekere pomwepo. Ndinamufunsa chifukwa chake akufufuzabe wakuba titamugwira kale, iye n'kuti akuba otere sayenda okha. Anayang'ana kachitseko kamene kamatseguka kuti mpweya uzingozungulira osapanikizidwa pamene galimoto yaima kapena ikuyenda mwaulemu. Pa magalimoto ena kamakokedwa ndi kapaipi ka mpweya, pa ena ndi kamota ka magetsi, ndipo kakakanirira kotseka, supercharger imapanikiza ndi kutenthetsa mpweya tsiku lonse popanda wofuna. Anasisita mapaipi onse kufuna ming'alu ndi makilampu omasuka, akuti pamene pakutuluka mpweya pamakhala kachinyezi ka oyilo kogwira fumbi. Anasuzumira m'kati mwa intercooler ngati mwadzaza oyilo, amene amamata m'makoma kutentha n'kumalephera kutuluka. Anayatsa eyakoni kuti aone ngati fani ikuzungulira. Anafunsanso za ekizozi, poti ikatsekeka utsi wotentha umatsalira m'masilinda. Zonsezi zinali bwino.

Ndinafunsa ngati magalimoto onse a supercharger amaziziritsa ndi mphepo. Akuti ayi. Range Rover ndi Jaguar za injini ya V8, ndiponso Audi za 3.0 TFSI, zimaziziritsa mpweya ndi madzi oyenda m'njira yawoyawo, okankhidwa ndi kapampu ka magetsi kupita ku karediyeta kena kutsogolo. Kapampuko kakafa, kapena fyuzi yake ikapsa, kapena m'njiramo mukatsekeredwa mpweya, singano ya pa dashibodi sisuntha ngakhale pang'ono, koma galimoto imalefuka ngati yathuyi. Poyeza amangogwira kapampuko injini ikulira kuti amve ngati kakunjenjemera. Mini Cooper S ya pakati pa 2002 ndi 2006 intercooler yake ili pamwamba pa injini, ndiye chifukwa chake boneti ili ndi kamwa. Ndipo ma Nissan Note ena ochokera ku Japan, oyambira mu 2012, olembedwa DIG-S, ali ndi supercharger pa kainjini ka masilinda atatu ka malita 1.2. Alipo amene akuyendetsa taxi ndi galimoto imeneyi osadziwa kuti ili nayo.

Ine ndinakumbukira Land Rover ija ili pa nyumba nambala 394 konkuno ku Chilenje, kumene a Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Inazungulira dziko lino m'fumbi loposa ili. Bwanji iyo sinkaopa dzuwa? Mtsikanayo anati injini ya nthawi imeneyo inkapuma yokha popanda choikankhira, mphamvu zake zinali zochepa m'mawa ndi masana omwe, ndiye panalibe choti munthu adabwe nacho. Ya masiku ano ndi yaing'ono yogwira ntchito ya yaikulu, ndipo imatero pokhapokha mpweya ukazizira.

Ntchito yokonza inali ya madzi a m'ndowa, sopo, burashi yofewa ndi kupirira. Anathira madzi kuchokera kumbuyo kuti matope atulukire kumene analowera, n'kudzutsa tizipsepse kamodzikamodzi ndi kasukulu diraiva kopyapyala. Mapulasitiki anakawapeza kwa ogulitsa zida za magalimoto ophwasulidwa. Nyali zinachoka, bokosi lakuda linabwerera ndi fyuluta yatsopano ya pepala, ndipo thermostat anaivuula m'chitini muja, chifukwa injini yosafika pa kutentha kwake imamwa petulo wambiri ndi kudya zitsulo zake. Pa Tokyo Way pomwe paja, dzuwa lomwe lija, nambala inaima pa 49, ndipo akachotsa phazi inkagwa nthawi yomweyo.

Sabata isanathe, mnyamata anabwera pakhonde ndi foni. Wapeza pa Facebook kagudumu kakang'ono ka lamba, kochokera ku Johannesburg, kozungulitsa supercharger mofulumira kuti izikankha mpweya wochuluka.

"Ikakankha wochuluka, ukhala wozizira kapena wotentha?"

"Wotenthako pang'ono, amalume."

"Intercooler ikula nawo?"

"Ayi."

"Nanga kompyuta ikaona kutenthako idzatani? Si zomwe zija tachokerazi?"

Anati ndine wachikale. Mwina n'zoona. Koma masamu a kugula mphamvu ndi ndalama kuti dzuwa lidzakulande 14 koloko, ine sakundilowa.

Chimene chanditsalira kwambiri ndi china. Ndinafunsa mtengo wa kabokosi kosomeka kaja, ndipo ndi wochepa kuposa wa pampu ya petulo imene inachotsedwa ili yamoyo. Ndiye ndinawolokanso msewu.

"Bambo, bwanji osagula kanu? Manja muli nawo abwino, kangokuuzani poyambira."

Sanakwiye. Anakhala pa tayala n'kundiuza kuti kabokosiko amakadziwa, ndipo mwana wake akhoza kumuphunzitsa. Vuto ndi eni magalimoto. Munthu ukamuuza kuti ndayeza, vuto ndi matope, ndatsuka, ndipatseni ya ntchito, amakuyang'ana ngati wamubera, amati madzi ndi sopo n'zolipiritsa? Koma ukamuonetsa chitsulo chakale m'dzanja, n'kumutuma kukagula chatsopano m'tauni, amalipira mokondwa ngakhale galimoto isachire. Mtsikana uja naye, akuti, anachita kukangana naye mnyamata wanga pa malipiro, chonsecho kwa ogulitsa mapulagi ndi pampu sananenerere ngakhale ngwee imodzi.

Ndinamufunsa mwana wa mlongo wanga ngati n'zoona. Anati inde, poti mtsikanayo sanasinthe chilichonse chachikulu, anangoyang'ana pa foni.

Tsono odziwa ndithandizeni, poti ine apa mutu waima. Wogwira sipanala akudziwa kuti kuyeza n'kofunika, koma kuyeza sikumudyetsa. Mwini galimoto akufuna ichire, koma amalipira chokhacho chimene angachinyamule m'manja. Pa awiriwa, ndani ayambe kusintha kuti wina azilipidwa chifukwa chofunsa galimoto chimene chikuivuta?